Dzanja la Mfuko pa Chidindo cha Kansengwa

Padangokhala, nyama zisanaleke kumanga midzi ndi kuzenga milandu, padali kamudzi kotchedwa Kansengwa. Mukati muli nane, khalani nanedi, chifukwa nkhani iyi ndikamaikamba mtima umandiwawa ndipo sindikonda kuibwereza.

Kansengwa kadali kamudzi ka nyumba khumi ndi imodzi. Chizindikiro chake, chimene amadinda pa kalata iliyonse yochokera kumeneko, ndi kadzanja kamodzi kakuda ka zala zazifupi, kali kokhakokha popanda china chilichonse. Alendo akafunsa tanthauzo lake, adzukulu a mfumu amayankha opanda ndi manyazi omwe kuti ndi dzanja la ufumu limene limapatsa anthu. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Dzanja lija ndi la mai Mfuko, ndipo mmene lidafikira pamenepo ndi umu.

Chaka cha chilala chachikulu, nyama zikugwa m'njira ndi ludzu, mai Mfuko, mkazi wamasiye, adayamba kukumba pansi. Adakumba miyezi itatu ndi manja okha. Dothi lidawalowa m'maso tsiku ndi tsiku mpaka maso adatheratu, kotero kuti tsiku limene madzi adatumphuka, iwo adangowamva m'zala, kuwaona ayi. Amene adabwera kudzamwa adamanga nyumba pomwepo, mudzi n'kuyambika.

A Njiri adafika mochedwa, mvula itabwerera kale, atasenza mkeka umodzi, nadzakhala chikamwini kubanja la a Nungu, amene adali mfumu ya mudziwo. Adali munthu wa mawu aakulu, woti akaseka aliyense amaseka nawo poopa kutsala. Pamaliro woyankhula adali iwo, paukwati iwo. A Nungu atamwalira, a Njiri adakhala pampando kuti angogwirizira, ndipo kugwirizirako sikudathe.

Kenako adayamba kukumbukira zinthu zimene sizidachitike. Ankati chitsime chija adakumba ndi agogo awo, ndi mano, m'mawa umodzi wokha. Poyamba ankanena zimenezi atamwa, anthu n'kumaseka. Patapita nthawi ankanena asanamwe, ndipo panalibenso woseka. Nduna yawo Gulo, buluzi uja amagwedeza mutu pa chilichonse, idachitira umboni kuti agogowo idawaona ndi maso ake, chonsecho iyo idabadwa dzana.

Tsiku lina a Njiri adalengeza kuti mai Mfuko asamatungenso pachitsime, chifukwa manja awo amatope amavundula madzi a anthu. Mayi wokalamba, wosaona, adayamba kukhalira kunyambita mame m'mawa ndi kutafuna mizu. A Njiri sandipsetsa mtima kwambiri, poti wabodza ndi wabodza. Amene amandipsetsa mtima ndi a nyumba zina zija. Onsewo ankadziwa amene adakumba, ena mwa iwo adapulumuka ndi madzi oyambawo, koma ankadutsa pakhomo pa mai Mfuko atasenza mitsuko yodzaza, maso ali pansi, ngati pansipo adatayapo singano.

Tsono padali Nalimata, mthenga wa a Njiri, mkulu ndithu wa zaka zake, amene ankakhala kudenga la khitchini ya mfumu pakati pa mwaye. Sindikumuyeretsa ayi. Adali waulesi, wadyera, ndipo bodza ankalinena mosaphethira. Koma adalipo tsiku limene madzi adatuluka, ndiponso a Njiri adamupondapo mchira mpaka kuduka pamaso pa alendo, kuti alendowo aseke. Mchira udaphukanso, koma Nalimata sadaiwale.

Ndi iyeyu amene adabwera ndi uthenga wochokera kwa Njati, mfumu yaikulu ya dziko lonselo. Njati adatopa ndi milandu ya malire ndi ya zitsime, choncho adalamula kuti mudzi uliwonse useme chidindo chokhala ndi chizindikiro chofotokoza mmene mudziwo udayambira. Pakatha masiku anayi, zidindo zonse zidzapakidwa mwaye wosakaniza ndi mafuta a nsatsi n'kudindidwa pansalu yoyera ya kubwalo lake. Chimene chidzaoneke pansaluyo ndicho chidzakhale mbiri ya mudzi, ndipo palibe adzachitsutse. Nalimata adafotokoza zonsezi, za mwaye ndi za nsalu zomwe, koma a Njiri adangomva mbali yokhudza iwo.

Madzulo omwewo adasonkhanitsa mudzi. Adati pachidindo padzakhala mano a agogo awo, ndipo chikangodindidwa, mai Mfuko adzakhala mlendo wopanda gawo m'Kansengwa, apinde mkeka wawo azipita. Kumene akanapita munthu wosaona, wopanda mbale, palibe adafunsa. Gulo adagwedeza mutu, ndipo ena onse adakanda pansi ndi zala zakumapazi.

M'mawa mwake Nalimata adatsika kudenga ali bii ndi mwaye, nayenda pansalu yoyera imene akazi a mfumu adayanika. Adamukalipira koopsa, koma iye sadathawe. Adaima n'kumayang'ana mapazi amene adasiya pansalupo. Padaoneka nsonga za zala zokha, malo otukuka amene adagunda nsalu. Pakati pa phazi, pamene pali polowa, sipadasiye kanthu. Adayang'anitsitsa mpaka mthiko udamupeza pamsana, ndipo adachoka akumwetulira.

Adalunjika kwa mai Mfuko nawauza kuti apite kumene akusema chidindo.

“Ndikapemphe chiyani kwa mkamwini?” adafunsa mayiwo.

“Musakapemphe kanthu, mayi. Mukangoti mukufuna kuumva mtengowo, poti kuuona simungathe. Mukaugwire ndi dzanja lonse, ndipo musasambe.”

“Ndisambe ndi chiyani, mwana wa kwathu?”

Chifukwa chake chowatumira Nalimata sadawauze, popeza mai Mfuko adali munthu woti chinsinsi cha bodza sichikanagona m'kamwa mwawo.

Mmisiri wosema adali Gogomole, mbalame ija imagogoda mitengo ndi mlomo. Adali atadula kale chipika cha mlombwa, nachisalaza pamwamba, kukula kwake ngati mbale yodyera. Asanagogodepo ngakhale kamodzi, mai Mfuko adafika akupapasa njira, naodira mwaulemu, natambasula dzanja n'kulikhazika pamtengopo. Atalichotsa, padatsala kadzanja ka katondo, zala zonse zili bwinobwino.

A Njiri adafwenthera ndi ukali, koma Nalimata adawaposa. Adalumphalumpha, natukwana mayiwo kuti adetsa chinthu cha ufumu, kenako adatembenukira kwa mfumu.

“Mlomo umene useme mano a agogo anu, mfumu, ukhudzenso matope amenewa?”

“Usakhudze,” adatero a Njiri. “Tsukanipo.”

“Tikatsukapo, mfumu, mmisiri adzadziwa bwanji pamene padadetsedwa? Adzagogodapo osadziwa. Asiyeni matopewo akhale, iye azingowalambalala.”

A Njiri adaona kuti ndi nzeru, ndipo posakhalitsa adayamba kunena kuti nzeruyo idali yawo. Adalamula Gogomole kuti mlomo wake ukangokhudza pamene padagwira dzanjalo, adzamuthothola nthenga. Kenako adawakankhira mai Mfuko kunja.

Tsiku loyamba Gogomole adasema mano awiri okhota, osalala, oti munthu n'kuwazindikira ali patali. A Njiri adakondwa. Nalimata adawazungulira manowo kawiri, napukusa mutu, nanena kuti ndi okongola ndithu, kungoti akufanana ndi a kamwana ka nkhumba. Adaonjeza kuti adamva kuti a kwa Mvuu akusema awo akuya mpaka m'chigongono. Kwa Mvuu sadapiteko chaka chonsecho. A Njiri adalamula kuti manowo akule ndipo alowe pansi.

Pamenepo Nalimata adayambitsa nyimbo. Idali yoyenda ndi kugogoda kwa mlomo wa mmisiri: iye ankatsogolera pofunsa kuti mano a agogo adali aakulu motani, ndipo anthu ankavomera kuti adali oposa pamenepo, mmisiri akumbebe. Idali nyimbo yosavuta kugwira, yoti ngakhale osaifuna amapezeka akuing'ung'udza posinja. A Njiri adavina mchira uli njo, fumbi lili koboo.

Mai Mfuko adaimva ali m'nyumba mwawo, ndipo mawu a wotsogolera adawazindikira. Adatsimikiza kuti Nalimata adawatuma kuja kuti akawachititse manyazi. Iye atadutsa pakhomo n'kupereka moni, mayiwo sadayankhe. Zidamupweteka Nalimata, kuposa mmene ankaganizira kuti zingamupweteke, koma adapitirira.

Tsiku lachiwiri mano adakula mpaka kutenga theka la chipika. Gogomole, amene ntchito yake ankaidziwa, adaima pang'ono namuitanira Nalimata pambali.

“Achimwene, mukudziwa chimene chidzatuluke pansalu?”

“Inu mwalamulidwa kusema. Wina akakufunsani za nsalu, mumuyankhe.”

Gogomole adamuyang'ana nthawi yaitali, nabwerera kuntchito. Palibe adamufunsa za nsalu, ndipo iye sadauze munthu.

Tsoka lidachokera kumene sankaliyembekezera. Gulo, amene chibadwire sadakhalepo ndi ganizo lakelake, tsiku limenelo lidamufikira limodzi. Adati bwanji chidindocho achiyese kaye pansalu asanapite nacho kwa Njati. A Njiri adavomera, natuma kuti akatenge mwaye. Nalimata adalowererapo msanga. Adati nsalu yoyamba ndi ya Njati, ndipo kudinda pansalu ina mfumu yaikulu isanaone kuli ngati kutsegula mbale yake n'kulawa ndiwo iyo isanasambe m'manja. Ngati mfumu ikufuna kuyesa, adatero, ikayese pamatope a pachitsime, pamenepo palibe mlandu.

Adapita nacho pachitsime nachikanikiza pamatope ofewa. Matope, monga mudziwa, amalowa m'malo okumbika n'kutuluka ali otukuka. Atachinyamula, mano awiri adali ataima pamwamba, onenepa, onyezimira, ndipo dzanja lija lidali litalowa pansi ngati laponderezedwa.

“Mwaona?” adatero a Njiri. “Pansi mpamene pali pamalo pake.”

Adaseka mpaka misozi, ndipo kukoma kwa zimene adaonazo kudawaonjezera njala. Sipadafunikenso kuti Nalimata awanyengerere. Adalamula okha kuti manowo akulebe, ndipo nyimbo ija adaiyambitsa okha, ndi mawu awo osasa. Anthu adavomera ngati dzulo.

Tsiku lachitatu mano awiri aja adakula mpaka kukumana, namezana, nafika m'mphepete mbali zonse. Pamene Gogomole ankapukuta mlomo, chipika chonse chidali chitasanduka chigoba, ndipo pakati pake padaima dzanja lija lokha, losakhudzidwa. A Njiri adasuzumiramo, ndipo kwa nthawi yoyamba adaoneka okayika.

“Nanga mano ali kuti?”

“Ali ponseponse, mfumu,” adayankha Nalimata. “Paliponse pamene pali pakuya ndi inu. Mtengo ndi umene wachepa.”

A Njiri adalowetsa mphuno m'chigobamo, ndipo idakwanamo yonse. Adafunsanso za chinthu chimene chidatsala chili chiimire pakatipo. Nalimata adati chimenecho ndi chokhacho chimene mmisiri sadachilemekeze ndi mlomo wake, chidangotsala mtengo wamba. Mfumu idakhutira. Madzulo amenewo nyimbo idamveka kuposa masiku onse, ndipo amene ankavomera mokweza kwambiri adali omwe aja adapulumuka ndi madzi oyamba. Mai Mfuko adapinda mkeka wawo, naumanga ndi luzi.

Tsiku lachinayi mudzi wonse udapita kwa Njati. A Njiri adalamula kuti mai Mfuko abwere nawo atasenza mkekawo, kuti akadzimvere okha, ndipo akachokere komweko osabwereranso kumudzi. Mayiwo adayenda pambuyo, akutsata phokoso la mapazi, osagwiridwa dzanja ndi aliyense.

Midzi idadinda umodziumodzi. A kwa Mvuu adatulutsa bwato, ena nkhokwe, ena mtengo wa pabwalo lawo, ndipo aliyense ankafotokoza tanthauzo, Njati n'kuvomera. Itafika nthawi ya Kansengwa, a Njiri adayamba ndi mawu. Adayankhula za agogo awo, za m'mawa umodzi uja, za mano amene adang'amba nthaka, mpaka Njati adawauza kuti nsalu ikudikira. Adakana kuti wina awagwirire chidindo. Adachipaka okha mwaye, nachikhazika pansalu, nachitsamira ndi thupi lonse.

Atachinyamula, pansalu padali kadzanja kamodzi kakuda, ka zala zazifupi.

A Njiri adati mwaye udachepa, napakanso, nadindanso. Padatuluka dzanja lachiwiri. Adadinda kachitatu, thukuta lili kamukamu, ndipo manja adakwana atatu, ali mondondozana pansalu ya mfumu yaikulu. Njati adawaletsa kuti asamuthere nsalu.

“Limeneli ndi dzanja la yani?”

“Limenelo si kanthu, mfumu. Ndi matope chabe. Mano a agogo anga ali apa, pozungulirapa, poyerapa.”

Njati adayang'ana nsalu yake kuyambira uku mpaka uko.

“Nsalu yanga yonseyi ndi yoyera. Kodi yonseyi ndi agogo anu?”

Midzi ina idaseka mpaka kugwirana. A Njiri adatembenuka kufuna Nalimata, koma iye adali atakwera kale pamtanda wa denga la bwalo, akunyambita diso ngati nkhaniyo sikumukhudza. Adatembenukira kwa Gulo, ndipo Gulo adali akugwedezera mutu Njati.

Njati adalamula kuti a ku Kansengwa abwere mmodzimmodzi, aliyense aike dzanja lake pa chizindikirocho. Chiboda cha a Njiri sichidafanane nacho n'komwe. Ena adayesa, osakwana. Pomalizira adatsala mai Mfuko, amene adaima kumbuyo ndi mkeka pamutu, osadziwa chimene anthu ankasekera. Adawatsogolera, nawaika dzanja pansalu, ndipo lidakwana chala ndi chala.

Njati adawafunsa kuti mudzi wa Kansengwa udayamba bwanji. Adati udayamba ndi chitsime. Adawafunsa amene adachikumba.

“Ndine, mfumu.”

“Nanga zaka zonsezi simudanene bwanji, mayi?”

“Ndikadauza yani, mfumu? Onsewa amadziwa.”

Palibe wa ku Kansengwa adadzutsa mutu. Njati adawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo ine ndikadakonda akadawayang'ana mpaka dzuwa kulowa. Kenako adagamula monga adalonjezera. Chimene chaoneka pansalu ndicho mbiri ya mudzi. Chizindikiro cha Kansengwa ndi dzanja limene lidakumba, chitsime ndi cha mwini dzanjalo, ndipo womwa pamenepo azimwa mwini wake atalola. Za mpando wa ufumu adati ndi mlandu wina wa tsiku lina, ndipo tsiku linalo mpaka lero silidafike. A Njiri adabwerera kwawo akadali mfumu, atanyamula chidindo chimene ankayenera kudinda nacho kalata iliyonse yotuluka m'dzina lawo.

Pobwerera, ofuna kuwasenzera mkeka mai Mfuko adachuluka moti adatsala pang'ono kuung'amba. Aliyense adali atakumbukira mwadzidzidzi chaka cha chilala, ndipo ena ankati adathandizako kutaya dothi. Mayiwo adangofunsa kuti Nalimata ali kuti, ndipo atamva kuti ali pambali pawo, adamuuza kuti nyimbo ija idali yoipa. Iye adavomera kuti idali yoipa ndithu, nanena kuti yabwino sikadagwira ntchito.

Atafika kumudzi, mai Mfuko adalunjika pachitsime, nagwada, namwa. Adamwa nthawi yaitali, osapuma, anthu ataima chapatali ndi mitsuko yawo. Atatha, adasamba m'manja mofatsa. Kenako adauza onse amene adaima pamenepo kuti atunge. Ine ndikadakhala iwo, ndikadawasiya alawe mame kwa mwezi umodzi, koma mayiwo adati m'nyumba zimenezo muli ana.

A Njiri, pochita manyazi kukapempha kwa mayiwo, adapirira masiku awiri, poganiza kuti wina awapatsira madzi mobisa. Akazi awo adati mtsuko wawo ndi waung'ono. Gulo adagwedeza mutu, osabweretsa kanthu. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, mfumu idafika pachitsime kukhosi kuli gwa, milomo itang'ambika. Idapeza mai Mfuko atakhala pamenepo, ndi theka la mudzi likutunga. Idagwada ndi mawondo akutsogolo, niodira ndi mawu aang'ono amene palibe ankadziwa kuti ili nawo.

Mai Mfuko adafunsa kuti ndani. A Njiri adatchula dzina lawo. Adati akupempha madzi pang'ono chabe, ndipo zakale zikhale zakale.

Mayiwo adayankhula mosakweza mawu.

“Mudati agogo anu adakumba ndi mano, m'mawa umodzi. Mano muli nawo, bambo, ndipo mwagwada kale. Malo ndi awa pambalipa. Kumbani.”

A Njiri adayang'ana anthu awo, koma onse adali otanganidwa ndi mitsuko. Adaweramitsa mutu, nalowetsa mano m'dothi louma, nayamba kukumba. Mpaka lero mukakumana ndi njiri mudzaipeza ili chigwadire, mano ali m'dothi, ndipo madzi sidawapezebe.

Yathera pamenepa. Amene adaotcha mbatata akaphule, yanga ndaileka ipserere.